Lipoti la ulendo wa ku Lilongwe: zimene ndaphunzira pa nkhani ya mafonti ndi pulinta yathu

A Tcheyamani, a Mlembi, a Msungichuma, ndi nonse a m'komiti yathu ya timabuku ta sukulu za kwacha, ndabwerako bwino ku Lilongwe kumene munandituma. Ndinanyamuka pa Kasungu Lolemba m'mamawa, ndipo ndinafikanso kuno Lachisanu madzulo. Malisiti a minibasi ndi a malo ogona ali kale m'manja mwa a Msungichuma. Lipotili ndalitalikitsa dala, chifukwa zinandipeza zoti tsiku limene munandisankha ena anadandaula kuti ndalama ya ulendowu ikanangogula tona. Ndikupempha muwerenge kaye mpaka kumapeto, kenako muweruze.

Msonkhanowu unali wa masiku atatu, ndipo unasonkhanitsa magulu ang'onoang'ono osindikiza timabuku ngati ifeyo. Lachiwiri linatha ndi malonje, zolankhula za akuluakulu ndi phunziro la kasungidwe ka mabuku a ndalama. Mapepala ake ndabwera nawo. Lachinayi m'mawa kunali za kagulidwe ka mapepala, ndibwereranso pa zimenezo. Chimene chinandigwira mtima chinachitika Lachitatu masana.

Anatiphunzitsa ndi bambo wina wachikulire amene wakhala pa ntchito yosindikiza kuyambira m'zaka za m'ma 1980. Anabwera ndi pulinta yakale ya HP LaserJet, yachikasu ndi ukalamba, pamodzi ndi kompyuta yoyendera DOS, pulogalamu yakale yoyendetsa kompyuta Windows isanafale. Achinyamata ena anayamba kunong'onezana kuti tabwerera zakale zachani. Iwo sanawayankhe, anangolumikiza zingwe n'kuyamba kufotokoza. LaserJet yoyamba inatuluka mu 1984, ndipo inkalemba ndi zilembo zimene inabadwa nazo basi. Wofuna zilembo za maonekedwe ena, zimene timati fonti, ankagula katiriji ya mafonti n'kuilowetsa m'pulinta. Mu 1985 kunabwera LaserJet Plus, ndiyo inayambitsa kuti fonti izikhala fayilo pa kompyuta, munthu n'kuitumiza pa chingwe kuti ikakhale m'memori ya pulinta. Fonti yotereyi amaitchula kuti soft font. Vuto linali lakuti saizi iliyonse inali fayilo payokha. Ya mapointi 10 payokha, ya 12 payokha, yonenepa payokha, yopendekeka payokha. Ngakhale yolembera pepala loimirira inali yosiyana ndi ya pepala logona, ina dzina lake limathera ndi SFP, inayo SFL. Pamene memori ya LaserJet Series II ya mu 1987 inali 512 KB yokha. Tsono munthu ankakhala ndi mafayilo ambirimbiri, dzina la fayilo iliyonse losapitirira zilembo 8, ndipo pa sikirini panalibe njira yoonera kuti fontiyo ikuoneka bwanji.

Apa mpamene anatsegula kapulogalamu kake. Ntchito yake ndi imodzi yokha: kamalowa m'foda, n'kutenga fonti imodzi, kuipatsa nambala, kuitumiza ku pulinta m'chinenero cha pulintayo chotchedwa PCL, kenako kulamula kuti isindikize tsamba la chitsanzo. Kakatero kamatenga ina. Ndinaima pafupi ndi pulinta, ndipo tsamba loyamba ndinalilandira ndine, likutenthabe. Pamwamba panali dzina la fayilo, saizi yake, ndi dzina la gulu la zilembo zake, Roman-8. M'munsi mwake munali mizere ya chilembo chilichonse chimene chili m'fontiyo, chilichonse ndi nambala yake pambali. Bambowo anandiuza kuti, "Mwana wanga, tafufuzani w wa kadenga pamwamba, uja wa m'dzina la Malaŵi." Ndinayendetsa chala mzere ndi mzere mpaka pansi. Â analipo, ê analipo, ô analipo. Ŵ munalibe. Mafonti a nthawi imeneyo sankapitirira malo 256, ndipo amene ankagawa malowo ankaganizira zinenero zikuluzikulu za kumadzulo kwa Ulaya. Anati iwo ankachita kulemba w, kubweza m'mbuyo, n'kumenyapo kadenga pamwamba ngati pa tayipi.

Kenako anazimitsa pulinta pa khoma, n'kuiyatsanso, n'kutumiza kalata yomwe ija. Inatuluka ndi zilembo za Courier, mafonti onse aja atafufutika. Anati ngakhale fonti imene waiuza pulinta kuti ikhale yokhazikika imapirira pulinta ikangoyambiranso ntchito yatsopano, koma magetsi akathima imapita. Kwa ife amene magetsi amatithimira ntchito ili pakati, mfundo imeneyi si yakale ayi.

Mwina mukufunsa kuti zimenezi zikutikhudza bwanji poti ife tili ndi Windows. Nanenso ndinafunsa. Yankho lake ndi lakuti mafonti a TrueType, amene anafika pa Windows 3.1 mu 1992, ndi a OpenType amene anabwera pambuyo pake, anathetsa vuto la fayilo pa saizi iliyonse, koma ulendo wa fonti kuchoka pa kompyuta kupita ku pulinta ukadalipo. Pa madilaiva (mapulogalamu olumikizitsa kompyuta ndi pulinta) a chinenero china cha mapulinta chotchedwa PostScript, mukalowa pa Advanced, pali mzere wolembedwa TrueType Font, ndipo pali zosankha ziwiri: Substitute with Device Font ndi Download as Softfont. Choyambacho chimauza pulinta kuti isalandire fonti yanu, ingogwiritsa ntchito yake yofananako. Chachiwiricho chimatumiza fonti yanu yeniyeniyo. Ndiye zimatheka pa sikirini chilembo kuoneka bwinobwino, papepala n'kutuluka china. Palinso msampha wina: fonti ikakhala kuti ilibe ŵ, Word imakabwereka mwakachetechete ku fonti ina, ndiye pakati pa mawu onenepa pamatuluka ŵ woonda ngati mlendo.

Tsopano ndilankhule za kwathu kuno, ndipo a Tcheyamani mundikhululukire poti nkhaniyi munati itsekedwe. Mukukumbukira timabuku ta Chitumbuka tija tinakonzera makalasi a kumpoto kwa boma lathu chaka chatha. Paliponse pamene panayenera kukhala ŵ panatuluka kabokosi, ŵanthu anasanduka kabokosi ndi anthu, ndipo timabuku tonse tinatayidwa. Pa msonkhano wotsatira zinanenedwa pamaso pa onse kuti wotayipa sadziwa ntchito, ndipo zinalembedwa m'maminitsi. Wotayipayo ndinali ine. Ndinanena tsiku lomwelo kuti pa kompyuta yathu zinali bwino, koma palibe anandimvera. Lero ndikudziwa chimene chinachitika. Pulinta yathu inalibe tona, ndiye fayilo ya Word inatengedwa pa fulashi kupita ku shopu ina ya m'tauni, kumene kompyuta yawo inalibe fonti imene ndinagwiritsa ntchito. Inalowetsapo ina yopanda ŵ, ndipo amene anapita nayo sanayang'ane tsamba loyamba asanalamule kuti asindikize onse. Sindikufuna kuti wina alipitsidwe. Ndikungopempha a Mlembi kuti mawu aja akonzedwe m'maminitsi, chifukwa dzina la munthu likada pa ntchito limavuta kutsuka. Tsamba limodzi lokha la chitsanzo likanapulumutsa mapepala onse aja ndi tona yake.

Njira zosindikizira tsamba lotereli lero zilipo zingapo, ndipo zonse tinaziyesa ndi manja athu. Mapulinta ambiri a LaserJet ali ndi malo pa menyu yawo osindikizira PCL Font List, mndandanda wa mafonti amene ali m'kati mwa pulintayo. Pa Windows, mukadina kawiri pa fayilo ya fonti, pamatseguka kawindo kokhala ndi batani la Print, ndipo pamatuluka chiganizo chimodzi pa masaizi a 12, 18, 24, 36, 48, 60 ndi 72. Koma chiganizocho n'cha Chingerezi, mulibe ŵ, ndiye fonti yopereweza imapambana mayeso amenewa mosavuta. A makompyuta a Apple ali ndi Font Book, imene imasindikiza mitundu itatu ya masamba, Catalog, Repertoire ndi Waterfall, koma ife tilibe makina amenewo.

Imene ine ndinaikonda ndi fntsample, kapulogalamu kaulere ka pa Linux. Umangokauza dzina la fayilo ya fonti ndi dzina la PDF imene ukufuna, ndipo kamajambula matebulo a zilembo motsatira magawo a Unicode, mndandanda umene umapatsa chilembo chilichonse nambala yake. Pamene fonti ilibe chilembo, kabokosi kake kamakhala kopanda chilembo, ndipo umaona ndi maso kuti apa pali dzenje. Zilembo zathu zili m'gawo la Latin Extended-A: Ŵ wamkulu ndi U+0174, wamng'ono ndi U+0175. Ndinadabwa kumva kuti chilembochi timagawana ndi anthu a ku Wales, amene nawonso amachilemba m'chinenero chawo. Pa fulashi yanga ndinali ndi mafonti okongoletsa amene timalembera makadi a ukwati ndi mapulogalamu a maliro, aja amatibweretsera kandalama. Tinawayesa onse. Ambiri mwa iwo analibe ŵ, ndipo ena nkhodolero yawo inali yoipa moti ng'ombe inkaoneka ngati mawu awiri osiyana. Wophunzira wa sukulu ya kwacha amene wangoyamba kumene kusiyanitsa ng ndi ng' sitingamupatse tsamba lotero.

Ndiye ine ndakonza mzere wathuwathu woyesera, ndipo ndikupempha komiti iuvomereze: Ana aŵiri a ku Malaŵi aŵeta ng'ombe m'dambo. Pansi pake pazibwera Ŵanthu ndi Ŵ wamkulu, kenako I wamkulu, l wamng'ono ndi nambala 1 moyandikana, O ndi 0, mitengero, mfunsiro, ndi mtengo wolembedwa ngati K2,500. Mzerewu uzisindikizidwa pa mapointi 12, 14 ndi 18, wamba, wonenepa ndi wopendekeka, pa pulinta yeniyeni imene isindikize ntchitoyo komanso pa mtundu wa pepala lomwelo. Mu Word, kuti ŵ atuluke, lembani U+0175 n'kudina Alt ndi X pamodzi.

Pa mafonti onse amene ndinaona papepala, Andika ndiyo inandikhutiritsa pa ntchito ya makalasi athu. Anaipanga a SIL, bungwe loona za zinenero, poganizira anthu amene akuphunzira kumene kuwerenga, ndipo dzina lakelo ndi mawu a Chiswahili otanthauza kuti lemba. Chilembo a chimaoneka ngati mmene mphunzitsi amachilembera pa bolodi, g chimodzimodzi, ndipo I, l ndi 1 sizisokonekera. Ndinaika tsamba lake pambali pa la fonti imene takhala tikugwiritsa ntchito, n'kupempha mayi wina wachikulire wa gulu la ku Dedza kuti avule magalasi awerenge. La Andika anawerenga osaima. Pa timabuku ta nkhani zazitali tingatenge Charis SIL, imenenso ili ndi zilembo zathu zonse.

Lachinayi masana msonkhano unagwirizana zinthu zitatu. Choyamba, magulu onse azigwiritsa ntchito mafonti a chilolezo chaulere cha Open Font License, chimene chimalola kugawana fonti popanda kuphwanya lamulo. Ndinakweza dzanja ndi mtima wonse, chifukwa mafonti ena amene ali pa kompyuta yathu sitidziwa n'komwe kumene anachokera, ndipo chizolowezi chakuti aliyense azibwera ndi fulashi yake n'kumathiramo zimene wapeza chiyenera kutha. Kiyi wa ofesi ali ndi anthu ambiri kuposa amene komiti inavomereza, ndipo izi ndakhala ndikunena. Chachiwiri, ntchito iliyonse yopita kukasindikizidwa kwina izipita ngati PDF yokhala ndi mafonti m'kati mwake, osati fayilo ya Word. Apanso palibe chotsutsa.

Chachitatu ndi chimene sindinagwirizane nacho. Anati nkhani ya ŵ gulu lililonse lizionera lokha, ndipo ena ananena poyera kuti angochisiya chifukwa ambiri olemba Chichewa masiku ano sachilemba. Pa Chichewa ndikumva, nanenso m'lipotili sindikuchilemba paliponse. Koma ife timatumikiranso anthu olankhula Chitumbuka, kumene chilembochi chimapezeka pafupifupi m'chiganizo chilichonse. Kuchitaya chifukwa choti fonti ilibe ndiye kuti makina ndi amene akutiuza kalembedwe ka chinenero, pamene mafonti amene ali nacho alipo, aulere. Ndinanena zimenezi m'holomo, ndipo ndikupempha kuti kwathu kuno tisachitaye.

Za kugula mapepala pamodzi, anati magulu azisonkha ndalama kumayambiriro kwa kota kuti agule mabokosi ambiri pa mtengo wotsika. Nzeru yake ndi yabwino, koma mapepalawo azikafikira ku Lilongwe, ndipo mtengo wowanyamula kufika kuno palibe anauwerengera. Sindinalonjeze kanthu m'dzina lanu. Ena ankatikopanso kuti tigule nawo pulinta yatsopano. Ine maganizo anga ndi akuti yathuyi ilibe mlandu, chimene imasowa ndi tona yogulidwa pa nthawi yake.

Pa alawansi, ndinalandira ya mausiku atatu pamene ndinagona anayi, chifukwa msonkhano unatha mochedwa Lachinayi ndipo sindikanayenda usiku. Usiku wachinayiwo ndinalipira ndekha, lisiti lake lili pamodzi ndi enawo. Ya ulendo wa ku Mchinji ija sinakwanebe mpaka lero, ndikukumbutsa chabe.

Masamba a zitsanzo amene ndinasindikiza kumeneko ndawaika m'fayilo yobiriwira pa shelefu ya pafupi ndi pulinta, fonti iliyonse tsamba lake, ndipo zimene zinalephera ndazilemba mtanda wofiira pakona. Andika ndi Charis SIL zili pa fulashi yanga. A Tcheyamani mukalola, Loweruka likubwerali ndikufuna maola awiri ndi onse amene amagwira kompyuta ya ofesi, tiike mafontiwa, tisinthe dilaiva, ndipo aliyense asindikize yekha tsamba lake loyesera. Pafunika mapepala osapitirira 30, ndipo ndikupempha a Msungichuma awatulutse pofika Lachisanu.