Ipatseni AI manambala enieni a webusaiti yanu

Akonzi,

Amalonda ambiri muno mu Lilongwe ali ndi mawebusaiti amene anthu sawapeza pa Google. Ena akufunsa nzeru kwa ChatGPT, pulogalamu ya AI yoyankha mafunso, osaipatsa manambala alionse, ndipo imangowayankha zongoganizira.

Yambani ndi Google Search Console, chida cha Google choonetsa mmene webusaiti yanu ikutulukira anthu akamafufuza, ndi yaulere. Mukatsimikizira kuti webusaitiyo ndi yanu, lowani pa Performance, sankhani Malawi ndi miyezi itatu yapitayi, kenako tsitsani fayilo ya CSV (tebulo la manambala lotsegulika mu Excel). Imatulutsa mizere yosaposa 1,000, koma kwa bizinesi yaing'ono imakwana. Ipatseni AI fayiloyo, muiuze ikusankhireni mawu amene anthu akawafufuza pa Google tsamba lanu likutulukira pa nambala 8 mpaka 20, komanso amene anthu ambiri akuliona koma osalitsegula. Gulu loyambalo limafuna kuti muwonjezere nkhani pa tsambalo. Lachiwirilo, kawirikawiri vuto ndi mutu wa tsamba wosakopa.

Koma samalani, AI imalakwitsa masamu, makamaka ikamaphatikiza average position (avareji ya nambala imene tsamba likutulukira) osaganizira impressions (kuti tsambalo laoneka kangati). Werengeraninso mu Excel. Google nayonso imabisa mawu ena amene afufuzidwa ndi anthu ochepa, poteteza chinsinsi chawo, choncho manambala sangagwirizane ndendende. Mukasintha mutu, dikirani milungu inayi musanagamule ngati zathandiza.

Wowerenga wanu,
Area 25, Lilongwe