Mtsuko wa amayi ako wang'aluka

Area 25, Lilongwe
Lamulungu usiku

Mnzanga wapamtima,

Kalata yako anabwera nayo mlamu wako Lachiwiri, pamodzi ndi nsapato za mwana zija. Zamukwana, moti tsiku loyamba anagona nazo. Tsamba loyamba ndinaseka mpaka aNaphiri anasuzumira pampanda, koma lachiwiri ndinangoti zii.

Ndiye kuntchito kwanu ku Johannesburg kuja anakufunsani kuti aliyense anene ngati ndi moto, madzi, mphepo kapena nthaka, iwe n'kuyankha kuti mphepo? Iweyo, amene unkatha ola lathunthu kuchoka pa Bwalo la Njobvu kukafika mumsika chifukwa choima ndi aliyense? Mphepo yake iti yoyenda chopatsa moni? Komabe ndamva chimene ukunena. Walemba kuti ulibe pokhazikika, umangouluzika ngati mankhusu. Mawu amenewo ndagona nawo masiku asanu.

Zinthu zinayizo sanayambe ndi abwana akowo. Amene anaziika pamodzi ndi Empedocles, Mgiriki wa ku Akragas pachilumba cha Sicily, zaka zoposa 400 Yesu asanabadwe. Iye ankazitcha mizu, ndipo ankati chikondi ndicho chimaziphatikiza, udani n'kumazilekanitsa. Ine m'kalasi ndimaphunzitsa zina. Ndimauza ana kuti ma element, amene ndi magwero a zinthu zonse, alipo 118, kuti madzi ndi hydrogen ndi oxygen, kuti mpweya ndi msakanizo womwe 78 peresenti yake ndi nitrogen. N'zoona zimenezo, ndipo ndimazikonda. Koma ndikaweruka, zondidikira pakhomo ndi zinayi zomwe zija: fumbi pamipando, mpopi wouma, mbaula yofuna makala, ndi kamvulumvulu amene dzulo anandigwetsera zovala zonse pachingwe.

Tsopano ndikuuze chimene ndakhala ndikuzengereza. Mtsuko wa amayi ako wang'aluka.

Sunasweke ayi, usalire. Ndi mng'alu wochepa ngati tsitsi, wochokera pakhosi kutsikira kumimba, kutalika kwake ngati chala changa chapakati. Madzi anasiya masiku atatu, tikumatunga kumjigo, ndiye ndinaudzaza mpaka pakamwa n'kuukhwekhwereza ndekha kuti ndikolope. Ndinamva kuti the! M'mawa ndinapeza pansi pali chinyezi chozungulira ngati chipewa. Unandisiyira zinthu zambiri, bedi, makina osokera, mabuku, koma pokwera basi unangonena chimodzi: mtsuko uja usamale.

Kuyambira tsiku limenelo ndikumaona amayi ako ali pansi pa mtengo wa mango ku Mitundu. Ukukumbukira atatituma kudambo kukakumba dongo, ife n'kubwera ndi dothi wamba? Anangolipana pakati pa zala, n'kulitaya osanena kanthu. Tsiku lotsatira anapita nafe okha. Dongo lija analisinja, n'kulikanda ndi madzi pang'onopang'ono, kuchotsa timiyala m'modzim'modzi, chifukwa kamwala kamodzi kokha kamaphulitsa mbiya pamoto. Ataumba anausalaza ndi chitsononkho, n'kuuika m'nyumba pamthunzi. Ife tinkafuna kuuyanika padzuwa kuti uume msanga, iwo akuti ayi, woumitsa mtsuko ndi mpweya, dzuwa limathamangira. Patapita masiku ndiye anausonkhera moto wa makungwa, madzulo mphepo itagona. Utazizira anaugogoda ndi chala, n'kuuika pakhutu lako kuti umve kulira kwake.

Waona? Dothi, madzi, mpweya, moto, zonse mumtsuko umodzi, ndipo chozigwirizanitsa chinali manja a amayi ako. Ndikamawerenga za Mgiriki uja ndi chikondi chakecho ndimaona manja amenewo. Mpaka lero zinayizo zimagwirabe ntchito limodzi. Madzi amatuluka pang'ono m'timabowo ta dongo, mphepo n'kuwauma kunjako, ndipo pouma amatenga kutentha. N'chifukwa chake mu Okutobala muno, magetsi akazima firiji n'kusanduka kabati, ana a pamzere wonse uno amabwera ndi makapu kwa ine.

ANaphiri akuti ndimate ndi phula. Achimwene ako akuti simenti, koma simenti pa mtsuko wa amayi ako ine ndakana. ANabanda anangoti ukadzasweka lidzakhala phale lokazingira mtedza, ndipo sindinawayankhule tsiku lonse. Ndikumadzuka usiku ndi tochi ya foni kukaona ngati mng'alu watalika. Ndaika kachizindikiro ka choko pamene wathera. Abambo a kuno akuti ndidwala nazo, koma iwo sanawaone amayi aja akuumba. Woumba wake tinamuika m'manda, mnzanga. Wina tikamupeza kuti?

Chinkhoswe cha mwana wa aNabanda chinachitika, chinayenda bwino, ndidzakufotokozera. Padenga pa nyumba yako palibe vuto.

Makala akweranso. Anyamata a njinga akumafika kuno m'bandakucha, matumba atatu atatu, thukuta lili chuchuchu, ndipo ambiri amachokera mbali ya Dzalanyama. Ndimagula, nanga nditani magetsi akazima ana ali ndi njala? Koma mtima umandiwawa, chifukwa m'nkhalango yomweyo ndi mmene mtsinje wa Lilongwe umayambira, usanafike ku Kamuzu Dam ku Malingunde. Moto wa pambaula yanga ukudya madzi a mumpopi wanga womwe. Ndipo ndi m'mapiri omwewo muli Kaphirintiwa. Agogo ako ankatisimbira kuti kumeneko mwamuna ndi mkazi oyamba anatsika ndi mvula, atanyamula khasu, lichero ndi mtondo, mapazi awo n'kudinda pathanthwe lisanaume. Ankakhala mwamtendere ndi Chauta ndi nyama zonse, mpaka tsiku limene munthu anapeka moto, tchire n'kuyaka. Galu ndi mbuzi anathawira kwa munthu, nyama zina zinalowa m'thengo zili ndi mkwiyo, ndipo Chauta anakwera kumwamba pa ulusi wa kangaude. Tili ana tinkakonda za kangaudezo. Pano ndikaona utsi mbali imeneyo madzulo, nthano ija sindiimvanso ngati ya ana.

Ukandifunsa ine, ndine wa madzi. Osati a mumtsinje, koma a mumtsuko, ongokhala pamalo amodzi kudikira wobwera ndi kapu. Ndipo iwe si mphepo. Mchombo wako anaukwirira ku Mitundu. Mwezi uliwonse umatumiza ndalama ya njerwa, m'kalata iliyonse umafunsa ngati munda wa amayi walimidwa, ndipo wapempha kuti mlamu wako akubweretsere ufa woyera ndi nkhwani zouma ngati kumeneko kulibe chakudya. Mphepo sifunsa za munda. Ndiwe dongo limene analinyamula kupita nalo kutali, basi. Ukapite ukawauze abwana akowo kuti unalakwitsa poyankha.

Lachisanu kunagwa chizimalupsa, kamvula ka mphindi zochepa chabe. Fungo la dothi linadzaza nyumba yonse, ana anatuluka osavala malaya, ine ndinaima pakhonde n'kumaganiza kuti fungo limeneli ndikanatha kuliika mu envulopu. Ndinatchera beseni, ndinapeza madzi okwana kapu imodzi ndi theka. Ndawathira mumtsuko muja, pansi penipeni pamene mng'alu sunafike.

Undiyankhe za phula, ndisachite kanthu usanavomere. Kandulo yatsala pang'ono ndipo pepala ili ndi lomaliza m'kope la mwana. Ndimafunanso ndikuuze zimene ndinalota za amayi ako, anali atakhala pomwe paja, manja ali dongo lokhalokha, ndiye anandiitana n'kunena kuti