Manambala a pa foni sagula ufa

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhe bambo wina amene ndinakhala naye mpando umodzi mu minibasi yochokera ku Limbe sabata yatha. Pa wailesi pankamveka nyimbo ya achimwene anga, iye osadziwa kuti wakhala ndi mlongo wa mwini nyimbo. Anatulutsa foni n'kuonetsa mnzake manambala a anthu amene anaimvera pa intaneti, amvekere mnyamata ameneyu ndalama ali nazo, kungoti ndi woumira, n'chifukwa chake akukhalabe nyumba ya lendi. Ndinangoti chete, mu minibasi simokanganira. Koma kope la ndalama za bandi imeneyo ndimasunga ndine, ndipo pageti ndimaima ndine.

Spotify, pulogalamu yomverera nyimbo pa intaneti, inafika kuno mu 2021, ife n'kumavina kuti umphawi watha. Nyimbo siilowa yokha kumeneko. Umadzera kwa makampani monga DistroKid kapena TuneCore, ndipo amafuna madola chaka ndi chaka, pomwe madola ake ndi omwewa akusowa m'mabankiwa. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo umenewo unatidumphira ngati chule. Akadaulo amati nyimbo ikamveredwa ka 1,000 imabweretsa madola atatu kapena asanu, koma zimenezo n'za kumaiko kumene anthu amalipira zambiri pamwezi. A Spotify ndalama amaiunjika dziko ndi dziko kenako n'kugawa potengera amene wamveredwa kwambiri, ndiye mphika wa kuno ndi waung'ono. Munthu akaidumpha nyimbo asanathe masekondi 30, sawerenga. Kuyambira 2024 anawonjezanso lamulo lakuti nyimbo imene sinamveredwe ka 1,000 m'miyezi 12 isalandire kanthu. Pa nyimbo zathu zonse, zimene zimadutsa mpanda umenewu ndingaziwerenge ndi dzanja limodzi. Kangachepe kamene kamapezekako kamabwera patapita miyezi, kudzera kwa msuweni wathu wa ku Johannesburg, ndipo kakafika kuno timagulira zingwe za gitala basi.

Nanga otikonda enieniwo amamvera kuti? Amatumizirana pa WhatsApp, kapena amapita kwa anyamata obena nyimbo pamsika kukadzazitsa memori khadi. Sindiwada, bandulo ndi yodula. Koma pamenepo woimba sapeza ngakhale tambala.

Amene akukayika akumbukire agogo athu a Giddes Chalamanda a ku Chiradzulu. Mu 2022 nyimbo yawo inali itaseweredwa maulendo oposa 80 miliyoni pa TikTok, anthu akuvina kumaiko amene agogowo sanapondeko. Atolankhani akunja atawayendera anawapeza kumudzi konkuja, m'moyo wawo wa masiku onse. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Manambala a pa foni ndi fodya wa pachala.

Kale zinali zoonekera. Woimba ankapita ndi nyimbo zake kwa O.G. Issa ku Limbe, makaseti n'kugulidwa, munthu n'kumanga nyumba. Msika umenewo unafa. Chimene chatsala ndi msewu, ndipo si pachabe ma Blacks a ku Chileka akhala akuzungulira dziko lino kumathero a sabata kwa zaka zonsezi.

Msewu nawo uli ndi mano. Tiyeni tinene kuti tayitanidwa ku Mzuzu, ulendo wa makilomita oposa 600 kuchokera ku Blantyre. Tisanaimbe n'komwe, tahaya galimoto yonyamula anthu ndi zida, tathira mafuta, talipira pa mageti a msonkho wa msewu pa Chingeni ndi pa Kalinyeke. Tikafika pali mwini malo, pali zokuzira mawu, pali jenereta poti magetsi sulumbirira, pali achitetezo, pali malo ogona ndi nsima ya anyamata asanu ndi atatu. Woimba ng'oma ali ndi ana, wa kiyibodi ali ndi lendi, ndipo amalandira kaya holo yadzaza kaya ayi. Achimwene amatenga zotsala. Tsiku lina mvula inagwa kuyambira 4 koloko madzulo mpaka usiku, tinaimbira mipando, ndipo ndalama yobwerera ndinachita kukongola pa foni kwa amayi a banki m'khonde. Ulendo wina amene anatiitana anazimitsa foni phwando litatha, mpaka lero.

Pageti ndiye pamene ndimaonera mitima ya anthu. Bambo wavala bwino, makiyi a galimoto ali m'manja, koma akundiuza kuti mumuuze mwini wake kuti ndabwera, ndine mnzake wa kusukulu. Akalowa ulere akagula mowa wa tebulo lonse. Amene amalipira mosavuta kawirikawiri ndi wa kabaza ndi mayi wa zitumbuwa.

Ndalama ya oimba ili ndi nyengo ngati mango. Kuyambira Januwale mpaka Malichi anthu ali pa fizi ndi feteleza, ife timangoyeserera nyimbo m'nyumba. Fodya akayamba kugulitsidwa, Kasungu ndi Mchinji zimadzuka. Kukatentha kumabwera maukwati ndi zinkhoswe, ndipo ndinene poyera kuti ukwati umatidyetsa kuposa intaneti: mtengo timagwirizaniratu, theka amaperekeratu, pelekanipelekani akavuta ndi nkhani ya eni ake. Zikondwerero zikuluzikulu ngati Sand Music Festival zimapatsa ulemu, koma zimabwera kamodzi pachaka ndipo oimba ndi ambiri. Za ku COSOMA, bungwe limene lakhala likutolera ndalama za oimba kuyambira 1992, zikabwera timathokoza, koma sungauze mwini nyumba kuti adikire tsiku logawa.

Chimene chimandisangalatsa ine ndi katebulo kanga ka matisheti ndi zipewa pambali pa geti. Kumeneko kulibe wodula pakati. Tisheti imodzi ikagulidwa, phindu lake limaposa la anthu mazanamazana omvera pa foni, ndipo ndalamayo imalowa pa Mpamba kapena Airtel Money nthawi yomweyo. Vuto ndi mpamba woyambira, komanso masaizi: ukasindikiza aang'ono ambiri kumabwera anthu a mimba zawo, matisheti n'kugona m'chikwama chaka chonse. Ena amakopera chithunzi cha achimwene n'kusindikiza pa nsalu yopepuka, kumagulitsa kunja kwa mpanda womwewo. Mmodzi anandigulitsa ine ndemwe, osandizindikira.

Choncho bambo a mu minibasi, nyimbo ija pitirizani kuimvera, sitikukanizani. Loweruka likubwerali tikuimba kufupi ndi kwanuko. Mudzandipeza pageti ndi kachikwama m'chiuno, ndipo tisheti ya saizi yanu ndakusungirani.

Mlongo wa woimba,
Chilobwe, Blantyre