Loweruka tithamangire limodzi

Wokondedwa mphwanga,

Ndikulemba kalatayi usiku, ntchito ya kukhitchini itatha, mapoto onse atatsukidwa. Sitima yathu ikuyenda mwakachetechete pa nyanja ya Mediterranean, ndipo tiyi amene ndaika patebulo akungondendera pang'ono m'kapu. Amayi ako anditumizira chithunzi chako utanyamula makope amene unapata utapambana mpikisano wothamanga kusukulu. Ndachionetsa kwa anzanga onse a kukhitchini. Tsono ndili ndi nkhani imene ikukukhudza iweyo, ndipo ndikufuna undithandize.

Loweruka likubwerali sitima idzakocheza pa doko laling'ono lotchedwa Katakolo, m'dziko la Greece. Ukudziwa mmene Ilala imachitira ikafika pa Monkey Bay, anthu kutsika, ena kukwera. Yathuyi ndi yaikulu kuposa Ilala kangapo konse, koma khalidwe lake ndi lomwelo: ikaliza hutala yanyamuka, siyidikira munthu. Alendo adzatsika kukaona malo, ndipo bwana wanga wandilola nanenso kutsika ndikatha kuphika chakudya cha m'mawa. Ndidzatuluka 9 koloko, ndipo pofika 2 koloko masana ndiyenera kukhala nditavala kale chisoti changa choyera.

Malo amene ndikufuna kukaona amatchedwa Olympia. Ndi mabwinja, mudzi wa miyala yakugwa, pamtunda wa makilomita oposa 30 kuchokera padoko. Kumeneko ndi kumene kunayambira masewera a Olympic, aja tinaonera limodzi pa TV ya kwa aneba iwe utakhala pamiyendo panga.

Tenga pensulo tiwerengere. Ndili ndi maola asanu. Kupita ndi mphindi pafupifupi 40, kubwerera chimodzimodzi. Ola lina lathunthu ndaliika padera, losakhudza, kuchitira kuti mwina tayala lingaphulike panjira. Kwatsala nthawi yochuluka bwanji? Ine ndapeza maola awiri ndi mphindi 40. Undiuze ngati ndalondola. Kuli kasitima ka pamtunda kamene kamachoka pa Katakolo kudzera mu tawuni ya Pyrgos mpaka ku Olympia, ndipo mtima wanga umakafuna, koma kamayenda maulendo ochepa patsiku. Choncho tagwirizana atatu, ine ndi anzanga awiri ophika, kusonkherana ndalama ya takisi, ndipo tidzapangana ndi woyendetsa nthawi yodzatitenga tisanatsike. M'chikwama ndaikamo kale botolo la madzi, chipewa, ndi ndalama za kuno zotchedwa euro zogulira tikiti. Miyezi ino dzuwa la ku Greece limawotcha ngati la kwathu mu Okutobala, nyenje n'kumalira m'mitengo chimodzimodzi.

Anzangawo akufuna kuyambira m'nyumba yosungiramo zinthu zakale chifukwa muli mthunzi. Ine ndakana. Tiyambira panja dzuwa lisanakwere, ndipo malo oyamba ndi kachisi wa Zeus. Agiriki akale ankapembedza milungu yambiri, ndipo Zeus ankamuyesa mfumu ya milungu yonseyo. M'kachisimo munali fano lake litakhala pampando, lalitali mamita pafupifupi 12, lokutidwa ndi golide ndi minyanga ya njovu. Analipanga mmisiri wotchuka dzina lake Phidias. Fanolo linasowa kalekale. Kachisiyo anagwetsedwa ndi zivomerezi, ndipo nsanamira zake zili gone pansi zidutswazidutswa, zotsamirana ngati matayala a thirakitala, chidutswa chimodzi kutalika kuposa ine. Kenako mitsinje iwiri, Alpheios ndi Kladeos, inakwirira malo onsewo ndi mchenga ndi matope, mpaka akatswiri a ku Germany anayamba kufukula mu 1875.

Pafupi pomwepo pali kachisi wa Hera, mkazi wa Zeus. Patsogolo pake ndi pamene amayatsira muuni wa Olympic mpaka lero. Sagwiritsa machesi ayi. Amatenga kalilole wozama ngati mbale, n'kumulozetsa kudzuwa, kuwala konse n'kusonkhana pamalo amodzi mpaka moto kubuka. Mu 2024, poyatsa muuni wopita ku Paris, kunachita mitambo, ndiye anatenga moto umene anayatsa ndi dzuwa dzulo lake pokonzekera mwambowo. Ndinakumbuka agogo ako, amene safuna kuti chikuni cha dzulo chizime.

Koma chimene chikundipititsa kwenikweni ndi bwalo lothamangirapo. Usanalowe, umadutsa pa mzere wa miyala 16 pamene panaima mafano a mkuwa. Mafanowo ankapangidwa ndi ndalama za chindapusa zimene ankalipira ochita chinyengo pa mpikisano, ndipo anawaika dala pakhomo kuti wothamanga aliyense awaone asanalowe. Ukatero umadutsa pansi pa kakhomo ka miyala kopindika ngati uta, n'kutulukira pabwalo. Palibe mipando ya anthu wamba. Anthu oposa 40,000 ankakhala pa kapinga m'mbali, monga timachitira pa bwalo la mpira la kusukulu kwanu. Pansi pali mzere wa miyala yoyera yokhala ndi timizere tiwiri togoba, moikamo zala za kumapazi, chifukwa ankathamanga opanda nsapato. Kuchokera pamzere umenewo kukafika pa mzere wa kutsidya ndi mamita 192, pafupifupi mabwalo awiri a mpira kuwalumikiza.

Mpikisano woyamba wolembedwa unachitika m'chaka cha 776 Yesu asanabadwe. Wopambana anali Koroibos, wa mumzinda wa Elis. Ukudziwa ntchito yake? Amati anali wophika, ngati ine amalume ako! Nditamva zimenezi ndinakhala kaye chete ndi mpeni wa anyezi m'manja. Munthu wa utsi m'maso, wa manja onunkhira nyama, ndiye amene dzina lake likuyambirira pa mndandanda wa akatswiri onse. Ndipo mphotho yake sinali galimoto. Opambana ku Olympia ankavekedwa nkhata kumutu, yoluka ndi nthambi ya mtengo wa azitona wakutchire. Osati nkhata yosenzera ndowa ija, iyi inali ya ulemu, ndipo munthu ankakonzekera zaka kuti aivale.

Mwina ukufunsa kuti nanga atsikana? Pa masewera aakuluwo sankapikisana nawo pothamanga, ndipo amayi okwatiwa sankaloledwa ngakhale kuonerera. Zimenezo sizinali bwino, ndipo ndikusangalala kuti zinatha. Komabe atsikana anali ndi mpikisano wawowawo, wolemekeza Hera, pa bwalo lomwelo. Mlendo wina dzina lake Pausanias, amene anayendera malowa zaka zoposa 1,800 zapitazo, analemba kuti amayi 16 ndiwo ankayendetsa mwambowo. Atsikana ankagawidwa m'magulu atatu potengera msinkhu, aang'ono kwambiri n'kuyambirira. Ankathamanga tsitsi lili lomasula, ndipo mtunda ankawachepetsera kufika pafupifupi mamita 160. Wopambana ankalandira nkhata ya azitona ndi gawo la nyama ya ng'ombe. Ukanakhalako iwe ukanakhala m'gulu loyambalo.

Pempho langa ndi ili. Alendo amaloledwa kuthamanga pabwalopo, ndipo ine ndidzaima pa mzere wa miyala uja 11 koloko. Miyezi ino nthawi ya ku Greece imatsogola ndi ola limodzi, choncho kwanuko idzakhala 10 koloko. Lachisanu madzulo upemphe amayi ako akuperekeze kumchenga kunyanja, kapena pa bwalo la sukulu, ayeze mapazi aakuluakulu 192, ulembe mzere ndi kamtengo uku ndi uku. Loweruka 10 koloko uvule nsapato, uime pamzere wako, ine pa wanga.

Woyambitsa akhale agogo. Ndipo tamvera izi, zimene zandiseketsa sabata yonse ndi chimwemwe: mawu amene Agiriki akale ankafuula poyambitsa mpikisano anali akuti "Apite!" M'chilankhulo chawo ankatanthauza kuti nyamukani. Zangochitika kuti akufanana ndi athu, koma agogo sadzavutika kuwaloweza. Mnzanga mmodzi adzandifuulira mawu omwewo kuno.

Ndikatha kuthamanga ndidzalowa m'nyumba ya zinthu zakale ija ndi mphindi zotsalazo. Muli ziboliboli zokongola zambiri, koma ine ndidzafunafuna kakapu kakang'ono kadothi kamene anakapeza pamalo pamene Phidias ankagwirira ntchito. Kunsi kwake kunalembedwa kuti "Ndine wa Phidias", monga unalembera dzina lako pa kapu yako yobiriwira kuti achimwene ako asamamwere. Ndikakapeza ndidzakajambula. Pofika 20 pasiti 12 tidzakhala tili m'takisi.

Dziko lathu la Malawi linayamba kupita ku Olympic mu 1972, ku Munich, ndipo masewera otsatira adzakhala ku Los Angeles mu 2028. Uwerengere kuti pamenepo udzakhala ndi zaka zingati, undiuze pamodzi ndi yankho la samu ija. Amayi ako agwire foni awerenge masekondi ako, inenso anga adzawerengedwa, ndipo tidzatumizirana madzulo sitima ikanyamuka. Usadye kwambiri m'mawa wa Loweruka, phala pang'ono basi, ndipo uyang'anitsitse kuti pamchengapo palibe minga kapena mabotolo osweka.

Upereke moni kwa agogo, amayi ako ndi achimwene ako.

Ndine amalume ako okukonda.