A bodi, jenereta yatikwana ife

Akonzi,

Ndine mwana wa anthu a ku Dedza koma ndinabadwira kuno ku Harare, ku Mufakose, agogo anabwera kale kudzagwira ntchito m'mafamu. Ndagwira ntchito ya m'sitolo ya kampani ina ku Workington zaka zambiri ndithu, ine ndi amene ndimasaina dizilo wa jenereta akafika, nde nkhani ndikulembayi ndimainunkhiza tsiku ndi tsiku.

Magetsi a ZESA akazima, ndipo mu 2019 komanso kumapeto kwa 2022 ankazima mpaka maola 18 pa tsiku madzi atachepa ku Kariba, jenereta imalira tsiku lonse, utsi kuli tolotolo, madzulo ukafika kunyumba malaya akununkha ngati wagona pansi pa lole. Injiniya wathu, mnyamata wanzeru zedi, analemba pepala loti tiike sola padenga la fakitale poti dengalo ndi lalikulu ngati bwalo la mpira. Manijala anavomera. Pepala linapita ku bodi, akuluakulu oyang'anira kampani, linabwerera, akuti tidikire chaka chamawa. Chaka chamawacho chinafika, akuti tidikirenso.

Apa mpomwe ndinazindikira kuti nkhani yochepetsa utsi woononga nyengo sili m'manja mwa injiniya kapena mtsikana amene amulemba ntchito yokonza lipoti la zachilengedwe ayi. Ndalama ya dizilo imatuluka mwezi ndi mwezi popanda wofunsa chifukwa ili kale mu bajeti, koma ndalama yogulira mapanelo ndi mabatire ndi yochuluka nthawi imodzi, imafuna anthu aja okhala pa tebulo lalitali kanayi pa chaka avomereze. Iwowo ndi amene amasankha bwana wamkulu, ndi amene amati bonasi yake iyezedwa ndi chani. Mukamuuza munthu kuti bonasi yako ili pa phindu la chaka chino chokha, angagule bwanji chinthu chobweza ndalama patatha zaka zisanu? Wamva m'mimba ndiye amatsegula chitseko, ndipo a bodi m'mimba simukuwapweteka, kwawo ku Borrowdale sola anaika kalekale, magetsi akazima sadziwa nkomwe.

Sikuti malamulo kulibe. Zimbabwe Stock Exchange inasintha malamulo ake mu 2019 nkunena kuti makampani amene masheya awo amagulitsidwa kumeneko azilemba malipoti a momwe akusamalira chilengedwe ndi anthu. Boma nalo mu 2021 linalonjeza pansi pa mgwirizano wa ku Paris kuti pofika 2030 lichepetsa mpweya woipa ndi 40 peresenti pa munthu aliyense. Koma boma lilibe fakitale zonsezi, eni utsi ndi makampani. Malipotiwo ndawaonapo, zithunzi zokongola za abwana atagwira khasu akudzala kamtengo kamodzi atavala suti, nsapato yosadetsedwa olo pang'ono, koma funsani kuti chaka chino mwawotcha malita angati a dizilo poyerekeza ndi chaka chatha, ziii.

Komatu ena achita, ndisaname. Mgodi wa golide wa Blanket ku Gwanda unamanga sola yoposa mamegawati 12, kampani ya migodi ya pulatinamu ya Zimplats nayo inamanga ya mamegawati 35 ku Selous. Sindikukhulupirira kuti anachita izi chifukwa chokonda mitengo ndi mbalame, anawerengera nkuona kuti dizilo ndi kuzimazima kwa magetsi zikuwadyera ndalama, bodi nkusaina. Ine zimenezo sindidandaula nazo, olo achite chifukwa cha thumba lawo bola utsi uchepe.

Wina anena kuti aaa ife osauka utsi wathu ndi wochepa, oononga ndi a ku Ulaya, America ndi China. Zoona zimenezo, ndipo ineyo siteshoni ya magetsi ya Hwange itawonjezera mayunitsi 7 ndi 8 mu 2023 ndinasangalala nawo ngakhale ndi ya malasha, mdima ukakukwana sufunsa kuti magetsi achokera kuti. Koma msika sumvera zodandaula zathu. European Union inayamba mu Okutobala 2023 kufunsa kuti katundu ngati zitsulo, simenti ndi feteleza wolowa kwawo watulutsa mpweya woipa wochuluka bwanji pomupanga, ndipo cholinga chake nchoti wautsi wambiri azilipira. Dziko lino limagulitsa kunja ferrochrome, chitsulo chosakaniza ndi kromu, nde bodi imene sinakhalepo pansi kukambirana zimenezi ikugona tulo, ndipo oda ikadzathawa oyamba kuchotsedwa ntchito ndife a ovolosi, osati iwo.

Nanga fodya? Kuno fodya amawamba ndi nkhuni, pitani cha ku Karoi kapena Mvurwi muone mitengo ya msasa momwe yathera. Alimi ambiri amalima pa kontrakiti ya makampani, mbewu ndi feteleza amapatsidwa pa ngongole. Amene angalamule kuti kontrakiti iliyonse izibwera ndi mbande za bulugamu ndi mabani osadya nkhuni zambiri, ndipo wina azipita kukaona ngati mitengoyo yakuladi, ndi bodi yomweyo. Abale anga a ku Kasungu ndi Mchinji nkhani iyi akuidziwa bwino.

Kusintha kwa nyengo ife sitiwerenga m'buku. Mphepo yamkuntho ya Idai inakokolola Chimanimani mu 2019, ya Ana inaononga Kapichira mu 2022 Malawi yense nkukhala mumdima, Freddy mu 2023 inakwirira anthu ku Chilobwe, ife kuno tinkasonkherana ku tchalitchi kutumiza kangachepe kumudzi, kenako chilala cha 2024 chinapsereza chimanga mbali zonse ziwiri.

Penshoni yathu timadulidwa mwezi uliwonse ija gawo lina amagulira masheya m'makampani omwewa, ndiye kuti ifenso ndi eni ake ngakhale pang'ono. Ndikupempha matrasiti a penshoni, makamaka oimira ogwira ntchito, kuti akapita ku msonkhano wa pachaka asamangodya masangweji nkukweza dzanja. Afunse kuti mu bodi muno ndani amadziwa za magetsi ndi nyengo, pulani yosiya dizilo ili pati ndipo ithera chaka chanji, komanso bonasi ya bwana ikukhudzana nazo bwanji. Injiniya wathu uja anatopa, pano ali ku Johannesburg akuika sola pa madenga a eni ake, pepala lake likadali mu kabati ya ku ofesi, ine Lolemba ndikasainanso dizilo wina.

Ine wanu,
Wowerenga wa ku Mufakose, Harare