Lipoti la msonkhano wa magulu a ntchito zamanja

A Wapampando, akomiti ndi mamembala nonse, ndabwerako kumsonkhano kumene munandituma. Malisiti a thiransipoti ndi a malo ogona ndapereka kale kwa a msungichuma, ndipo amene akunong'ona kuti alawansi inalowa m'madzi akhoza kukawaona okha.

Potsegulira panali malonje ndi zolankhula za akuluakulu. Kenako phunziro la kasungidwe ka mabuku a ndalama, zomwezija timamva chaka ndi chaka. Chimene chinandigwira mtima ndi gawo la mmisiri wina wa matabwa, amene anakhoma mpando wogwirira ntchito ife tikuona, kuchokera pa thabwa losapala mpaka munthu kukhalapo.

Asanagwire macheka anayamba wayeza munthu. Wokhala pampando mapazi ake aziponda pansi monse, mawondo atapindika pa madigiri 90. Pa tebulo wamba la masentimita 75, mpando ukhale wa masentimita pafupifupi 45, kuti pakati pa pokhalira ndi pamwamba pa tebulo patsale 25 mpaka 30. Tebulo likakhala lalitali, la 90, mpando ukwere mpaka 60 kapena 65, ndipo pakhomedwe kamtengo kopingasa kopondapo, apo ayi miyendo imalendewera mpaka kuchita dzanzi.

Wake anaupanga wa miyendo itatu. Mpando wotere sugwedera ngakhale pansi pakhale pokumbikakumbika, chifukwa miyendo itatu yonse imafika pansi, pomwe wa inayi mwendo umodzi umatsala m'malere. Vuto lake ndi lakuti ukaweramira kumbali kuti utole lumo kapena ulusi, umatha kukugwetsa. N'chifukwa chake miyendo anaitangadzitsa kunja ndi madigiri 10 mpaka 15, ndipo poboola ankatsamiritsa choboolera pa kathabwa kamene anakadula mopendekera, kuti mabowo onse apendekeke mofanana.

Msomali sanakhomepo ndi umodzi womwe. Thabwa lokhalira linali lochindikala masentimita 4. Analiboola mpaka kutulukira, nsonga ya mwendo n'kuisema mobulungira, kuicheka pang'ono pakati, kupaka guluu, kulowetsa, kenako kukhomera kamtengo kophwatalala mumng'alumo kuti nsongayo itupe m'bowo. Apa m'pamene pali nkhani: kamtengoko kazipingasa mizere ya thabwa. Pofuna kuti timve, anatenga chidutswa china n'kukhomera motsata mizere, ndipo atangomenya kachiwiri thabwa linangoti ng'aa, pawiri. Anatsindikanso kuti miyendo ikhale ya mtengo wouma ndithu, chifukwa wauwisi ukamauma umafota, ndipo pakapita miyezi mwendo umayamba kusewera m'bowo.

Tsopano chimene msonkhano unamanga. Anagwirizana kuti magulu onse azikhoma mipando yofanana, ya miyendo inayi, ya masentimita 45, ati kuti kugula matabwa pamodzi kusavute. Ine ndinakana, ndipo ndikukanabe. Tingaphunzitsidwe m'mawa kuti mpando umatsata munthu ndi ntchito yake, madzulo n'kuvotera muyeso umodzi? M'gulu lathu muli osoka pamakina, oluka amene ntchito yawo imakhala pamiyendo, ndi ojambula amene tebulo lawo ndi lalitali. Woluka mukamukhazika pamwamba, ntchito izitsetsereka pamawondo tsiku lonse.

Pamenepa ndikumbutseko za mipando yapulasitiki ija akomiti anagula osafunsa aliyense. Osoka anadandaula kuti msana ukuwapweteka, yankho linali lakuti aziikapo pilo. Dandaulolo silinalembedwe n'komwe m'maminitsi. Ingapo mwa mipandoyo inathyoka miyendo, ili mulu pakona. Komanso macheka, hamala ndi choboolera za gulu zili m'kabati imene kiyi wake amasunga munthu mmodzi, amene sapezeka tikamufuna. Sinditchula dzina, tonse tikudziwa.

Gawo la malonda a pa intaneti ndinalipeza litayamba kale, ndipo zambiri zinali za kajambulidwe ka katundu ndi foni. Mapepala ake ndabwera nawo.

Pempho langa ndi lakuti pamsonkhano wathu ukubwerawu aliyense ayezedwe atakhala pamalo pake pogwirira ntchito, tikhome mpando umodzi woyeserera wa miyendo itatu, osoka ndi oluka aukhalire sabata yathunthu tisanagule matabwa ambiri. Tepi yoyezera ndibweretsa ine. Kiyi wa kabati abwere nayenso tsiku limenelo.