Kalata kwa mnzanga: za cache pa tsamba la mchezo

Wokondedwa mnzanga,

Ndalandira kalata yanu, ndipo ndakondwa kumva kuti muli bwino kutaliko. Nkhani ya tsamba lanu la mchezo, limene layamba kuchedwa chifukwa cha kuchuluka kwa anthu, yakhala ili m'maganizo mwanga masiku onsewa.

Mwalemba kuti mukufuna kuika paliponse cache, malo osungirako mayankho kwa kanthawi kuti azipezeka msanga. Ndikukumvetsani, pakuti kutenga yankho losungidwa kale mu RAM, chikumbukiro chachangu cha kompyuta, n'kwachangu kuposa kulifufuzanso mu database, nkhokwe yaikulu yosunga zonse za tsamba, ndipo pa masamba otere anthu amawerenga kwambiri kusiyana ndi kulemba. Akatswiri a Facebook, pofotokoza mu 2013 za TAO, makina awo osunga za anthu ndi maubale awo, ananena kuti mwa zopempha 1000 zilizonse, 998 zinali zongowerenga.

Komabe musanatero, dzifunseni kuti ndi zinthu ziti zimene mungalole kuti zioneke zakale pang'ono, chifukwa chosungidwa chilichonse chimatsalira m'mbuyo pamene choona chasintha. Chiwerengero cha ma like chikachedwa ndi masekondi 30, palibe amene angapwetekedwe. Koma taganizirani mayi amene wabuloka munthu womuzunza, kenako cache n'kupitiriza kumuonetsa munthuyo zithunzi za mayiyo kwa mphindi 10. Apa ine sindinyengerera. Zokhudza chinsinsi ndi chitetezo cha munthu muzizifufuta mu cache nthawi yomweyo, ngakhale tsamba lichedweko.

Za mndandanda wa mauthenga umene munthu amaona akatsegula tsamba, njira yokopera uthenga watsopano kwa wotsatira aliyense, monga Twitter inkachitira ndi Redis, pulogalamu yosunga zinthu mu RAM, imafulumizitsa kuwerenga, koma munthu wotchuka akalemba mawu awiri okha, makina amalemba maulendo mamiliyoni. Mauthenga a anthu oterowo ndi bwino kuwaphatikiza pa nthawi imene wowerenga watsegula tsamba.

Chenjeraninso ndi chimene chinandigwera usiku wina kuntchito. Nthawi yosungira mu cache uthenga umene aliyense ankaufuna inatha, maseva onse, makompyuta oyendetsa tsamba, anathamangira ku database nthawi imodzi, ndipo ndinangoona mzere wa pa sikirini woonetsa kuchuluka kwa ntchito ya database ukukwera mpaka zonse zinaima. Kuyambira pamenepo timalola seva imodzi yokha kukatenga yankho, zinazo n'kudikira kapena kupereka lakale.

Mundilembere kuti ndi mafunso ati opita ku database amene akuchedwa kwambiri, makamaka ngati ndi lija lofufuza anzawo a anzawo, kuti tiliunikire limodzi. Mupereke moni kwa onse kunyumba.

Ndine mnzanu wa nthawi zonse.